Viewfinder yotsika mtengo ndi malire a ntchito yake

Makamera ang'onoang'ono ambiri amene akutuluka masiku ano alibe poika diso. Sony ZV-E10 ya mu 2021, Nikon Z30 ya mu 2022, Fujifilm X-M5 ndi Panasonic Lumix S9 za mu 2024, kudzanso makamera onse adigito a mtundu wa Ricoh GR, amadalira sikirini yakumbuyo basi. M'nyumba kapena pamthunzi sikiriniyo imaoneka bwinobwino, koma dzuwa likafika paliwombo imachita mbuu, ndipo wojambula amangoloza kamera n'kudina, osadziwa ngati mutu wa munthu walowa wonse kapena wadulidwa. Apa m'pamene ambiri amayamba kusakasaka viewfinder yapadera, kabokosi ka magalasi kamene amakalowetsa pampando wa fulashi pamwamba pa kamera kuti azisuzumiramo. Akafika pamsika amapeza mitengo yozunguza mutu. Yatsopano yochokera ku China imagulidwa ndi madola makumi ochepa, pamene ya Leica kapena ya Zeiss imafuna madola mazanamazana, mwina kuposa mtengo wa kamera yogwiritsidwapo kale ntchito. Maganizo anga ndi akuti yotsika mtengoyo imakwanira ndithu, koma pa ntchito imodzi yokha: kujambula ndi lenzi yoona motambalala zinthu zimene zili mamita angapo kuchokera pamene munthu waima. Ntchito ikapitirira pamenepo, yotchipa ndi yodula zimalephera limodzi, ndipo chifukwa chake tingachione ndi masamu osavuta.

Tiyambe ndi zimene kachipangizoka kamachita. Kuwala kumene kumapanga chithunzi kumadutsa m'lenzi n'kukagwera pa filimu kapena pa sensa, ndipo m'kabokosi kapamwambako sikudutsamo ngakhale pang'ono. Choncho galasi lake likhale labwino kapena loipa chotani, chithunzi sichisintha mitundu, kuwala kapena kaonekedwe. Lenzi yotchipa imasiya chipsera pa chithunzi chilichonse chimene yajambula, koma viewfinder yotchipa siisiyapo kanthu. Ntchito yake ndi youza diso kuti chithunzi chiyambira apa n'kulekezera apo. Kufunika kwake kunayamba kalekale. Leica yoyamba, imene Oskar Barnack anakonza ku kampani ya Ernst Leitz mumzinda wa Wetzlar ku Germany, inalowa pamsika mu 1925 ili ndi lenzi ya 50mm yosachotseka komanso kazenera kosuzumira koyenerana ndi lenziyo. Kampaniyo itayamba kupanga makamera osintha malenzi mu 1930, kazenerako kanapitiriza kuonetsa za 50mm zokha, ndiye aliyense woika lenzi ya 35mm kapena ya 135mm ankafunika kuonjezera china pamwamba. Ngakhale Leica M3 ya mu 1954 inali ndi mizere yosonyeza malire a chithunzi ya malenzi a 50, 90 ndi 135mm okha. Mu 1999 kampani ya Cosina ya ku Japan inafika potulutsa Voigtländer Bessa L, kamera ya filimu yopanda posuzumira paliponse, pamodzi ndi malenzi a 15mm ndi 25mm amene iliyonse inkabwera ndi viewfinder yakeyake. Malenzi onse awiriwo anali otambalala kwambiri, ndipo akatswiri a Cosina ankadziwa chimene ankachita posankha amenewo.

Choyamba chimene wogula ayenera kulondola n'chakuti viewfinder izionetsa malo ofanana ndi amene lenzi ikuona pa kamera yakeyo, ndipo ndalama za ambiri zimalowa m'madzi pomwepa. Manambala olembedwa pa ma viewfinder ambiri amawerengedwa potengera filimu ya 35mm, imene chithunzi chake chimakhala mamilimita 24 ndi 36. Sensa ikakhala yaing'ono kuposa pamenepo, lenzi yomweyo imaona malo ochepa. Pa masensa a APS-C a Sony, Fujifilm, Nikon ndi Ricoh nambala ya lenzi imachulukitsidwa ndi 1.5, pa a Canon ndi 1.6, ndipo pa Micro Four Thirds ya Olympus ndi Panasonic imachulukitsidwa ndi 2. Ricoh GR III ili ndi lenzi ya 18.3mm, koma imafuna viewfinder ya 28mm, pamene GR IIIx ya lenzi ya 26.1mm imafuna ya 40mm, n'chifukwa chake Ricoh imagulitsa ma viewfinder a GV-2 ndi GV-3 payokhapayokha. Munthu amene waika lenzi ya 35mm pa Fujifilm n'kugula viewfinder yolembedwa 35 adzaona zinthu zambiri zimene sizidzalowa m'chithunzi, chifukwa iye ankafunika ya 50mm. Palinso nkhani ya kaumbidwe ka chithunzi. Olympus VF-1, imene inatuluka mu 2009 pamodzi ndi kamera ya E-P1 kuti izigwira ntchito ndi lenzi ya 17mm, anthu amaigula motchipa n'kumaigwiritsa ntchito ngati ya 35mm pa makamera ena. Zimatheka, koma mizere yake anaikonzera chithunzi cha 4:3, chimene n'chotalikirapo m'mwamba kusiyana ndi cha 3:2, motero m'mbali imayandikira zoona pamene kumwamba ndi pansi imalonjeza zoposa zimene kamera idzapereke. Za lenzi ya zoom sitingatayepo nthawi, pakuti kabokosi ka magalasi osasuntha sikangatsatire lenzi imene ikusinthasintha.

Tsopano ku masamu aja. Imikani chala patsogolo pa nkhope, tsinzinani diso lina kenako linzake, ndipo mudzaona chalacho chikudumpha pamene mtengo wapatali uli chiimire. Diso la viewfinder ndi diso la lenzi nawonso sali pamalo amodzi, ndipo kusiyana kwa zimene awiriwa amaona n'kumene ojambula amakutcha parallax. Tiyerekeze kuti viewfinder yakhala masentimita 5 pamwamba pa pakati pa lenzi, ndipo zonse ziwiri zaloza kutsogolo mofanana. Zimene diso likuona zidzakhala zokwera ndi masentimita 5 kuposa zimene kamera ikujambula, kaya chinthucho chili pafupi kaya patali. Chimene chimasintha ndi kukula kwa malo amene alowa m'chithunzi. Ndi lenzi ya 28mm pa filimu ya 35mm, khoma limene lili pa mita imodzi limalowa pafupifupi masentimita 86 kuchokera pansi kufika pamwamba, ndiye masentimita 5 aja ndi magawo 6 pa 100 alionse. Pa mamita 3 limalowa masentimita oposa 250, kuphonyako n'kutsika kufika pa magawo 2, ndipo pa mamita 10 sikukwana n'gawo limodzi lomwe. Ikanipo lenzi ya 90mm. Pa mamita 3 mumalowa masentimita 80 okha ndipo kuphonya kwabwereranso pa magawo 6, pamene pa mita imodzi mumalowa masentimita osapitirira 27, kutanthauza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a chithunzi lasochera. Poti kamera imajambula chakumunsi kwa zimene diso laona, chimene chimatayika ndi chipumi ndi tsitsi la munthu wojambulidwayo. Opanga amayesetsa kuthandizapo poika timizere tachiwiri tosonyeza malire a zinthu zapafupi, kapena kagudumu kopendeketsa viewfinder malinga ndi mtunda, koma zonsezi zimadalira kuti wojambula akumbukire ndiponso ayerekeze mtundawo molondola. Ngakhale m'makamera odula a Leica, mmene mizere imasuntha yokha motsatira fokasi, kukula kwa mizereyo kumalondola pa mtunda umodzi wokha: mita imodzi pa M9, mamita 2 pa M Typ 240.

Pali kuphonya kwina kumene mtunda sukuchiza, ndipo n'kumene kumasiyanitsa viewfinder yotchipa yabwino ndi yachabe. Phazi lake likakhala logwedezeka kapena lopindika, kabokosiko kamayang'ana kwina pamene lenzi yaloza kwina. Kupendeka kwa digiri imodzi n'kochepa moti diso silingakuone pa kamera. Lenzi ya 28mm imaona pafupifupi madigiri 46 kuchokera pansi kufika pamwamba, choncho digiri imodzi ndi magawo 2 okha pa 100, koma ya 135mm imaona madigiri 10 basi, ndipo digiri yomweyo imadya gawo limodzi mwa magawo khumi a chithunzi, ngakhale chinthucho chikhale phiri lapatali. Apanso lenzi yotambalala ndi imene imakhululuka. Kukula kwa mpando wa fulashi kuli ndi muyezo wovomerezeka padziko lonse wotchedwa ISO 518, komabe mapazi a pulasitiki oumbidwa mwachangu amatuluka ena othina ena otakasuka, ndipo otakasukawo ndi amene amapangitsa viewfinder kuthothoka n'kutayika mumsewu. N'chifukwa chake ndikuona kuti wogula ayenera kuyang'ana phazi asanayang'ane galasi. Phazi lotakasuka pang'ono limalimba ndi kachidutswa ka tepi kakamatidwa kunsi kwake, koma lopindika palibe chochita nalo. Phazi lachitsulo la ma viewfinder akale nalonso lifunika kulilowetsa mosamala, chifukwa mipando ya makamera atsopano ili ndi timawaya tating'ono tolumikizira fulashi timene tingakandike. Ndipo asanagule chilichonse, munthu aone kaye ngati kamera yake ili ndi mpandowo, pakuti ena monga Canon EOS M200 alibiretu, pamene mpando umene Minolta inayambitsa mu 1988 ndipo Sony inapitiriza mpaka mu 2012 ndi wa kaumbidwe kena, wofuna cholumikizira chimene chimakweza viewfinder m'mwamba n'kuonjezera parallax.

Zikatha izi m'pamene tingakambe za galasi. Viewfinder yosavutitsitsa ili ndi magalasi awiri, lakutsogolo lochepetsa zinthu ndi lakumbuyo lothandiza diso kuziona, ndipo malire a chithunzi ndi m'mphepete mwa kabokosi momwemo. M'mphepetemo simuoneka bwino poti muli pafupi kwambiri ndi diso, ndiponso mumasuntha diso likasuntha. Yabwinopo ndi ya mizere yowala, imene mkati mwake muli kalilole wolola kuwala kudutsa, woonetsa mizere ngati yalenjekeka patali pamodzi ndi zinthu zikujambulidwazo. Njira yotchuka ya mtundu umenewu imadziwika ndi dzina la Albada, katswiri wa ku Netherlands, ndipo kampani ya Zeiss Ikon inaigwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1930. Ubwino wake ndi wapawiri. Mizereyo siyendayenda kwambiri diso likasuntha, komanso wojambula amaona zimene zili kunja kwa malire, monga wanjinga amene watsala pang'ono kulowa m'chithunzi, chinthu chimene sikirini singaonetse. Ngati pali poyenera kuonjezera ndalama pang'ono, ndi pa mizere yowalayi, ngakhale kuti imazilala pamalo amdima poti imadalira kuwala kochokera kunja. Ovala magalasi a maso ali ndi nkhawa yawoyawo: diso lawo limakhala patali ndi kazenera, ndiye m'ma viewfinder ena saona ngodya zonse zinayi nthawi imodzi, ndipo mkombero wachitsulo wa akale umakanda magalasiwo. Palinso kupindika kwa mizere yowongoka, kumene kumachuluka m'ma viewfinder otchipa a 21mm. M'chithunzi sikuoneka, koma kumavuta munthu amene akufuna kuti nyumba kapena m'mphepete mwa nyanja muoneke mowongoka.

Pamsika wa zotsika mtengo pali njira zitatu. Pali zatsopano za makampani a ku China monga TTArtisan, zopepuka ndi zosavuta kupeza. Pali zogwiritsidwapo kale ntchito za Voigtländer, Olympus kapena Ricoh, zimene kawirikawiri zimakhala ndi mizere yowala bwino ndi phazi loyezedwa mosamala, ndipo m'gulu limeneli ndi mmene munthu woleza mtima amapeza zabwino koposa pa ndalama zake. Ndiye pali zakale za ku Soviet Union, makamaka ya fakitale ya KMZ ya ku Krasnogorsk pafupi ndi Moscow, imene anatengera pa ya Zeiss ndipo ili ndi gudumu la timalenzi tisanu ta 28, 35, 50, 85 ndi 135mm. Imeneyi imakopa chifukwa imaoneka ngati munthu wagula zisanu pa mtengo wa chimodzi, koma ndi yolemera, kazenera kake n'kakang'ono, ndipo timalenzi ta 85 ndi 135mm ndi ta ntchito imene taona kale kuti viewfinder yapamwamba siichita bwino. Yakale iliyonse ifunika kuiunika ndi tochi kuti muone ngati mulibe chifunga, nkhungu yomera ngati ulusi, kapena mizere yofufutika. Kwa munthu woitanitsa kuchokera kunja, amene alipira zotumizira ndi msonkho ndipo sangabweze katundu mosavuta, ndi nzeru kupempha wogulitsa kuti ajambule zimene zikuoneka mkati mwa kazenerako asanatumize ndalama. Ikafika, isamasungidwe m'chikwama chachinyezi nthawi ya dzinja, pakuti nkhungu imamera m'magalasi akale mosavuta.

Wina anganene kuti zodula zimadula pa chifukwa, ndipo akunena zoona. Kusuzumira mu viewfinder ya Zeiss kapena ya Leica n'kosangalatsa: zinthu zimaoneka zowala ndi zazikulu, mizere yowongoka imakhalabe yowongoka, ndipo chitsulo chake chimatha zaka zambiri. Leitz SBOOI ya 50mm, ya m'zaka za m'ma 1950, imaonetsa zinthu pa kukula kwake kwenikweni moti munthu amajambula maso onse awiri ali otsegula. Amene amathera tsiku lonse diso lili pa kamera ali ndi chifukwa chomveka cholipirira zimenezi, ndiponso zoterezi zimagulitsikanso pa mtengo wabwino. Koma ndalama zoonjezerazo zimagula kumasuka kwa diso, ndipo sizisuntha viewfinder kuchoka pamwamba pa kamera kupita pakati pa lenzi. Masentimita 5 aja amakhalapobe. Ndiponso opanga odziwika amakonza dala kuti mizere ionetse zochepa pang'ono kuposa zimene zidzalowe, n'cholinga choti wojambula asadule zofunika, kutanthauza kuti nawonso amavomereza kuti kachipangizoka ndi kongoyerekeza.

Chotsutsa champhamvu kuposa ichi n'chakuti viewfinder ya magalasi siionetsa fokasi, siionetsa ngati chithunzi chawala kapena chada, siionetsa nambala iliyonse ya kamera, pamene viewfinder yamagetsi imaonetsa zonsezi ndipo ilibe parallax poti imatenga chithunzi kuchokera pa sensa penipeni. Kwa wojambula nkhope chapafupi, maluwa, zolembedwa kapena mbalame, yamagetsi ndiyo yankho, ndipo sindingamulangize zina. Vuto lake n'lakuti iliyonse imagwira pa makamera ake okha. Olympus VF-2 imafuna polumikizira papadera pamene Olympus inayamba kuika pa E-P2, Canon EVF-DC2 imagwira pa makamera ochepa a Canon monga EOS M6, ndipo makamera ambiri amene tinawatchula poyamba aja alibe n'komwe viewfinder yamagetsi yowayenera. Imadyanso batire, ndipo mtengo wake nthawi zambiri umayandikira kusiyana kwa mtengo pakati pa kamera yopanda posuzumira ndi ina imene ili napo kale. Munthu amene sanagule kamera ndipo akudziwa kuti amafuna kuika diso, angachite bwino kugula yokhala ndi posuzumira pakepake. Amene vuto lake ndi dzuwa lokha, makamaka wojambula vidiyo, angathandizike ndi kachivundikiro kokhala ndi galasi lokulitsa kamene amakavindikira pa sikirini, ngakhale kamanenepetsa kamera imene anaigulira kuchepa kwake.

Nanga fokasi imayenda bwanji kwa amene wasankha ya magalasi? Apa masamu akubwereranso kumbali ya lenzi yotambalala. Lenzi ya 28mm pa filimu ya 35mm, itatsekedwa pa f/8 ndipo fokasi yaikidwa pa mamita 3, imaonetsa bwino chilichonse kuyambira pafupifupi mita imodzi ndi theka mpaka mamita makumi angapo. Ya 90mm pa f/8 yomweyo ndi pa mamita 3 omwewo imaonetsa bwino malo otalika pafupifupi theka la mita basi. Choncho wa 28mm angathe kuika fokasi kamodzi m'mawa, kuzimitsa sikirini kuti batire lisathe msanga, n'kumangoyenda, pamene wa 90mm ayenera kuona fokasi pa chithunzi chilichonse. Ricoh inaika m'makamera ake a GR njira yotchedwa Snap Focus, yoika fokasi pa mtunda wosankhiratu, poganizira kajambulidwe kameneka. Kukanikiza kamera pankhope kumathandizanso kuti isagwedezeke monga imachitira ikagwiridwa m'manja motambasula. Ntchito za mumsewu, za pamsika, za paulendo, za gulu la anthu ataima panja, zonsezi ndi za lenzi ya 21mm mpaka 35mm, mwina mpaka 40mm, ndipo m'menemo viewfinder ya madola makumi ochepa imaika malire pamalo ofanana kwambiri ndi a yodula ija. Pa 50mm zimathekabe ngati chinthucho chili kupitirira mamita awiri kapena atatu.

Viewfinder ikagulidwa, iyenera kuyesedwa tsiku lomwelo. Kamera iikidwe pa tebulo kapena pa miyendo yake itatu moyang'ana khoma la njerwa pa mtunda wa mamita 3. Wina asuzumire n'kumauza mnzake pomata tizidutswa ta tepi pa ngodya zinayi zimene mizere ikusonyeza, kenako ajambule osasuntha kamera. Chithunzicho chidzaonetsa ngati tepi yense walowa, mbali imene yatsala malo ambiri, ndiponso ngati pali kupendeka. Abwereze pa mita imodzi, kenako aloze nyumba yapatali n'kuyerekeza ndi zimene zatuluka pa sikirini. Ngati kuphonya kukuchepa mtunda ukamakula, ndi parallax wamba, ndipo wojambula azingosiya kampata pamwamba pa mitu ya anthu akakhala pafupi. Ngati kukukhala chimodzimodzi pa mitunda yonse, vuto lili m'phazi, ndipo ndi nthawi yoyesa kachidutswa ka tepi kaja kapena kubweza katunduyo masiku obwezera asanathe.